"Desengordurar" pa nyama ya mbuzi: ndi mpeni kapena chipande?

Nabanda, Moatize: Anzanga ophika, thandizeni msanga. Loweruka ndikuphika mbuzi 3, papepala wopereka ntchito walembanso m'Chipwitikizi kuti "caldo desengordurado". Ulendo watha ndinachotsa mafuta onse ndi mpeni nyama isanalowe mumphika. Anadandaula kuti nyama yauma koma msuzi ukung'anima mafuta, mpaka anandidula 1500 meticais. Mawuwa amatanthauza chiyani kwenikweni? Wopereka ntchitoyo sakuyankha foni.

Chisale, Ulónguè: Kumeneko ndi kuyenga, mayi. Yengani mafutawo basi.

Mayi a Chifundo, Matundo: Ayi a Chisale, kuyenga ndi kusungunula mafuta kuti muwasunge, ngati a nkhumba aja timaika m'botolo. Apa alemba caldo, ndiye akunena msuzi. Kwathu timati kuwengula. Moto ukhale wochepa, mphika muusendezere mbali imodzi, mafuta amathawira kumene sikukuwira, muzitapa ndi chipande pang'onopang'ono. Akanalemba carne, kutanthauza nyama, bwenzi uli mpeni. Pa Chipwitikizi mawu ndi amodzi, ife tili ndi angapo.

Chisale: Wengula, yenga, zonse mafuta amachoka. Ine ndaphika maukwati zaka 20. Msuzi ndimaugoneka panja, m'mawa mafuta agwirana ngati kandulo, n'kungonyamula ndi supuni.

Mbewe, Zóbuè: Achimwene, musamuphunzitse zimenezo. Ku Angónia kwanu kumazizira, mu Juni zimatheka. Ku Moatize kutentha kumapyola madigiri 40, msuzi wogona panja umadzuka utasasa. Mlamu wanga anachita zomwezo pa chinkhoswe, tinataya mphika wonse alendo ali kale pamphasa. Ngati mulibe filiji, musayese.

Nabanda: Filiji ndili nayo koma njaing'ono, mphika sulowa.

Mayi a Chifundo: Gawani m'mabeseni osaya, uyambe wapola. Wotentha musalowetse, ufunditsa zina zonse zili m'katimo. Ndipo pa nyama musamete mafuta onse, a mbuzi ochotsa ndi olimba aja a kuimpso ndi m'mimba, amene amamata m'kamwa chakudya chikazizira.

Mbewe: Chinanso. Mukatuma mwana kusitolo musatchule mawuwa. Wanga anabwera ndi desengordurante, mankhwala otsukira masitovu, ena amakhala ndi soda yowotcha khungu. Anatsukira mapoto a aluminiyamu, onse anada, iye manja anasupuka sabata yathunthu.

Chisale: Ndiye ndikunena kuti kuyenga kulibe mankhwala. Makolo athu ankayenga.

Mayi a Chifundo: Ankayenga nsatsi ndi mafuta a nkhumba, bambo, osati msuzi. Mafuta owengulawo musathire m'sinki, amauma n'kutseka paipi.