Mtengo wa mu filimu ya Robin Hood uja ndi weniweni?

Wa_ku_Namiasi: Akuluakulu tandithandizeni, tikutsutsana ndi anzanga kuno ku shoo ya vidiyo. Mtengo uja umaoneka uli wokhawokha pakati pa timapiri tiwiri mu Robin Hood ya Kevin Costner ndi Morgan Freeman, ulipodi kapena ndi za pa kompyuta? Mnzanga akukakamira kuti azungu chilichonse amapangira m'nyumba.

Fisi_wa_Namwera: Muuzeni mnzanuyo akhale pansi kkkk. Filimuyo ndi ya 1991, anakajambulira kumudzi ndithu, dera lina kumpoto kwa England lotchedwa Northumberland, kumalire ndi Scotland. Mtengowo unali pa Sycamore Gap pafupi ndi khoma lakale la Aroma lija la Hadrian's Wall. Ndikuti unali chifukwa anthu awiri anaudula usiku mu September 2023 ndipo khoti linawapatsa zaka zinayi ndi miyezi itatu aliyense.

Anambewe_Monkey_Bay: Zaka zinayi nkhani ya mtengo umodzi?? Ndiye otentha makala athuwa akanathera kundende onse. Koma achimwene mwaiwala Alnwick Castle, ili dera lomwelo, pomwe ana a mu Harry Potter yoyamba ya 2001 ankaphunzira kuuluka pa matsache paja. Nyumbayo si yongosungira zakale ayi, banja la a Percy likukhalamo mpaka pano zaka zoposa 700, ndiye alendo amalipira polowa nkumaphunzitsidwa kukwera tsache pabwalo pomwepo, anthu akuluakulu ndithu kumadumpha kuti awajambule. Kuno mutatero mawa lake muli kwa amfumu.

Fisi_wa_Namwera: Kkkk zoona achemwali. Komanso Bamburgh Castle m'mbali mwa nyanja inatuluka mu Indiana Jones ya 2023. Ine ndimaona kuti chimawakokera kumeneko ndi kuchepa kwa anthu, ndi minda ndi nkhosa basi, kamera itha kuzungulira osakumana ndi chinyumba chamakono, ndiye za makedzana zimakhala bwino.

Che_Malindi: Ineyo chimandiwawa ndi chakuti malo ife tili nawo oposa amenewo. Cape Maclear, zilumba za Thumbi ndi Domwe, mabwinja a Fort Mangochi kuphiri kuja, ngakhale chiwotchi cha pa boma pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Chiwetel Ejiofor anabwera kudzajambula nkhani ya William Kamkwamba konkuno ku Malawi, inatuluka 2019, ndipo a Shemu Joyah anapanga The Last Fishing Boat ya msodzi wa panyanja yathuyi, ndiye kutheka zimatheka. Kungoti anzathuwo filimu ikatha malo aja amawasamala, zikwangwani, misewu, owonetsa alendo, mpaka ogulitsa tiyi amadya nawo zaka ndi zaka. Ife timangowombera m'manja tsiku loyamba basi.

Wa_ku_Namiasi: Zikomo akuluakulu, ndamuonetsa koma akuti ya matsacheyo ndiye ya kompyuta ndithu, pamenepo ndamusiya. Fanta tinabetcherana ija agula yekha.