Kodi ku Tete kuno kuli phiri lomwe linaphulikako? Ndikufuna kukaonetsa ana asukulu

Mphunzitsi_Ulongwe

Moni nonse pagulu pano. Ine ndimaphunzitsa jogalafe kuno ku Ulongwe ndiye tafika pa mutu wa mapiri ophulika ndi mitsinje, ana akungondifunsa kuti aphunzitsi zimenezi ndi za kunja kokha eti, poti zithunzi zonse za m'buku ndi za maiko akutali. Wina anandiuza kuti kuchigwa cha Zambezi kuli miyala ya chiphalaphala komanso madzi otentha otumphuka pansi koma sanalongosole kuti pati penipeni. Makolo avomera kusonkha kandalama tichite hayala chapa (minibasi) imodzi, ndimaganiza za Novembala. Inu odziwa kumunsiko tandiuzeni tipite kuti, ndikufuna ana akayende ndi miyendo, akwereko phiri mwinanso bwato, osati kungokhala m'galimoto tsiku lonse.

MwanaWaMatundo

Aphunzitsi Novembala?? Mukufuna kuwotcha ana a eni ake inu kkkk. Ana a ku Angonia ozolowera juzi ndi nkhungu muwatsitsire kuno nthawi imene kutentha kumapitirira madigiri 40, mphepo yake ikamawomba ngati watsegula uvuni wa buledi, sakaona mwala uliwonse akangofuna mthunzi wa mlambe basi. Bwerani Juni kapena Julayi.

Za mapiri ophulikazo ena ayankha, ine ndinganene kuti pitani ku Songo. Kuchoka mu Tete ndi makilomita ngati 150, msewu wake kumapetoko umakwera mokhotakhota ndipo pamwamba pake mpozizirirako kusiyana ndi kuno. Damu la Cahora Bassa khoma lake ndi lotalika mamita 171, linamangidwa pothina pomwe mtsinje wapanikizika pakati pa mapiri awiri, madzi anayamba kudzadza mu 1974 ndipo nyanja yake imakafika mpaka cha ku Zumbo kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe. Mwana akaima pamenepo n'kuyang'ana pansi simudzavutikanso kumufotokozera mmene madzi amadyera mwala. Mpomwe panamukanika Livingstone mu 1858, ankaganiza kuti sitima yake idutsa mpaka kumtunda koma mathithi a pamenepo anamubweza, pano ambiri anamira m'damu. Koma lemberanitu kalata yopempha chilolezo nthawi ikadalipo, pa damu sungangofika ndi gulu la ana ngati ukulowa mumsika.

WaMiyala_Moatize

Ndiyankheko poti miyala ndiye ntchito yanga. Choyamba muwauze ana chilungamo, phiri lofuka utsi ku Tete kulibe, athu anazima kalekale munthu asanakhaleko. Koma zizindikiro zilipo ndipo ndi zenizeni.

Kumunsi kwa mzinda wa Tete, mukapitirira pomwe Luenha amathira mu Zambezi, pali Lupata, pamene mtsinje umachoka potambalala n'kulowa mumpata wa mapiri. Yambiri mwa miyala ya mapiri amenewo ndi chiphalaphala chouma, a sayansi amaitcha rhyolite ndi phonolite, ya zaka zoposa mamiliyoni 100. Phonolite ukapeza kachidutswa kopyapyala n'kukagogoda ndi chitsulo kamalira ngwee, ana angasangalale nazo zimenezo. Chinachitika n'choti nthaka ya chigwa chino inang'ambika n'kutitimira, moto wa pansi unapeza potulukira m'ming'alumo, kenako mtsinje unadzapeza njira yake n'kumadula pang'onopang'ono mpaka lero.

Lachiwiri ndi phiri la Muambe m'boma lathu la Moatize, limeneli ndiye limandisangalatsa ine. Mukalitsegula pa Google Maps pa chithunzi cha setilaiti muona lazungulira ngati nkhata, pakati pali chidikha. Mwala wake ndi wosowa, carbonatite, m'dziko lonse lapansi phiri lomwe likutulutsabe chiphalaphala cha mtundu umenewu ndi limodzi lokha, Ol Doinyo Lengai ku Tanzania. Abale ake ena ozima ali ku Malawi pafupi pomwepa, Kangankunde ndi Tundulu. N'chifukwa chake ofufuza za migodi amapitapita ku Muambe kusaka fluorite ndi miyala ija ya rare earth yomwe amapangira maginito a mamota ndi mafoni.

Koma ndisakunamizeni, konse kuwiriku si kopita ndi chapa yodzadza ana, misewu yake ndi yafumbi, yofuna galimoto yokwera ndi munthu wodziwa njira, komanso pofika mumayamba mwaonekera kwa amfumu. Ine ndikanati Muambe muwaonetse pa foni m'kalasi, miyala ndikhoza kukusungirani zidutswa zingapo mudzatenge podutsa pa Moatize.

China, musadzalole mwana alembe kuti malasha athu anachokera ku phiri lophulika, ndimazimva kawirikawiri ngakhale kwa akuluakulu. Malasha ndi zomera za m'madambo akalekale zomwe zinakwiririka n'kupanikizika, nkhani ina kotheratu.

MwanaWaMatundo

Madzi otentha aja ali cha ku Boroma, sipatali ndi mzinda, kumtunda kwa mtsinje. Mukhoza kuphatikiza ndi tchalitchi chakale cha mishoni chomwe chili pachitunda, ansembe a chiJesuit anayamba pamenepo cha m'ma 1880, ukaima pakhomo pake Zambezi yense ali pansi pako. Achimwene a miyala mutiuze, madzi amenewa ndiye kuti pansi pali moto?

WaMiyala_Moatize

Osati moto wa phiri ayi. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ija mpaka pansi kwambiri komwe miyala ndi yotentha mwachibadwa, akatenthedwa amabwerera m'mwamba. Akatumphuka msanga amafika asanazizire, basi.

Nachisale_waTsangano

Aphunzitsi ine ndilankhule ngati kholo, za bwatozo ndakana. Zambezi si Livulezi kapena timitsinje tathu tomwe ana amawoloka atakwinya kabudula, muli ng'ona ndi mvuu ndipo ng'ona imagwira munthu pamadzi ofika m'mawondo pomwe akuchapa. Ngati mukufunadi kuwakweza pezani boti la injini lokhala ndi majekete oyandamitsa okwanira mwana aliyense, mwadiya (bwato la mtengo) ayi ndithu, ndipo asasambe m'mphepete mwa damu kuli likodzo. Mutenge maneti a udzudzu, malungo a kuchigwa amawagwetsa kwambiri ana akumapiri. Kukawedza mcheni asiyireni azungu obwera ndi ndodo zawo, ana akangoona mano ake kwa asodzi pagombe n'zokwanira, usiku aonenso magetsi a mabwato a kapenta ali ngwee panyanja. Pobwera mutigulireko nsomba zouma za chicoa ndi masau kkkk, ife tikupatsani mbatatesi ya kamba wapanjira.

Gogo_Domwe

Mwana wanga, ana amenewa phiri la Domwe analikwerapo? Lili pakhomo panu pomwepo, limapitirira mamita 2,000, ukafika pamwamba kukakhala kopanda nkhungu umaona mpaka mapiri a Dedza. Silophulika ayi koma mwana amene sanatulukepo thukuta pa phiri la kwawo mukamuonetsa la eni akangoti ndi mulu wa miyala. Yambani ndi limeneli Loweruka lina, ndalama yake ndi yochepa, muonenso kuti ndi ana ati otha kuyenda ndi ati ofuna kubereka kumsana musanawatengere kutali.

Mphunzitsi_Ulongwe

Zikomo nonse, agogo mwandigwira pakamwa, ambiri sanakwerepo zoona. Ndiye tichita chonchi, Domwe chaka chino mvula isanayambe, ulendo wa kumunsi tiusunthira Juni, tidzagona mu Tete ana awoloke mlatho wa Samora Machel wapansi, m'mawa Boroma kenako Songo. Bwato ndikakambirana kaye ndi makolo, mayi Nachisale ndakumvani. Achimwene a ku Moatize miyala ija ndikuifunadi, makamaka yolirayo.

WaMiyala_Moatize

Ndikusungirani, ndiikamonso kachidutswa ka malasha kuti adzayerekeze kulemera kwake m'manja. Mudzabwere ndi kathumba kolimba osati jumbo, ndi yakuthwa imaboola.