Tingathandize bwanji ana kulemba chimangirizo m'mawu awoawo?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 5, ndipo ndikapereka chimangirizo cha tsiku losaiwalika, ana ambiri amalemba ziganizo zofanana zimene analoweza pamtima. Ndichite chiyani, aphunzitsi anzanga?

Yankho loyamba: Ayambe asimbira mnzawo nkhaniyo pakamwa, kenaka ailembe monga momwe ayankhulira. Mtsikana wina m'kalasi mwanga analemba za mbuzi ya agogo ake imene inatafuna kope lake pakhonde, ndipo ndinamva mawu ake enieni.

Yankho lachiwiri: Musafulumire kuchonga ndi cholembera chofiira, chifukwa mwana akamaopa kulakwitsa amathawira ku zoloweza. Zolakwikazo mukonzere limodzi mawa lake.

Yankho lachitatu: Komabe, aphunzitsi, mayeso a Sitandade 8 a MANEB (bungwe loona za mayeso m'Malawi) amafuna ndime zolongosoka, choncho muziwaphunzitsanso zimenezo pang'onopang'ono.