Kalulu wa Dürer wangokhala phee, n'chifukwa chiyani amandikoka?

Nachisale: Abale, ndithandizeni. Kalulu uja Albrecht Dürer anajambula mu 1502 sakuchita kanthu, wangokhala, makutu ali njo. Koma sinditopa kumuyang'ana pafoni, pomwe zithunzi za mikango yolusa zimanditopetsa msanga. Chinsinsi chake n'chiyani?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Mayi, mukulitse chithunzicho. Ubweya anaujambula potsata mmene umagonera, pamsana mwina, pamiyendo mwina. M'diso muli kachithunzi ka windo. Chili ku Albertina, nyumba yosungiramo zojambula ya ku Vienna, ndipo sachionetsa kawirikawiri poopa kuti kuwala kungachiwononge.

Achimwene Phwitiko: Komatu Dürer yemweyo mu 1515 anajambula chipembere asanachione, anangodalira kalata ndi kachithunzi kochokera ku Lisbon. Mapeto ake chinatuluka chitavala ngati zitsulo zankhondo, kanyanga kena kali pamsana! Ine bola kaluluyo.

Nachisale: Kkkk, kanyangako ndakaona.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Mufufuzenso njovu imene Rembrandt, katswiri wojambula wa ku Netherlands, anajambula mu 1637. Ndi choko chakuda basi, mizere yochepa, koma makwinya a khungu ndi kulemera kwa miyendo zikuoneka. Iyeyo njovuyo anaiona ndi maso ku Amsterdam.