Ine ndi mnzanga tikungowombana patebulo, mpikisano ndi Lachisanu

Wofunsa (sanatchule dzina): Abale anga, ndithandizeni maganizo. Kuntchito kwathu akonza mpikisano wa tebulo tenisi wa awiriawiri, uyamba Lachisanu likudzali. Ine sindinalembetse n'komwe, anandilemba ndili patchuthi, ndipo wondilembayo ndi yemwe uja amanditengera mpando n'kundisiyira wothyoka. Mayina anachita kutola m'chipewa, ine n'kugwera mkulu wina wa ku akaunti amene chaka chatha anandibwezera risiti katatu chifukwa cha siginecha. Tayeserera masiku atatu nthawi yopuma. Tikungogundana, dzulo wandiponda chala mpaka lero ndikutsimphina. Chondiwawa n'chakuti ndikamenya mpira bwinobwino, oyimbira akupereka pointi kwa anzathuwo, ndikafunsa amangoseka. Komanso wokonza mpikisanoyo akusewera limodzi ndi bwana. Pali chinyengo apa kapena ndingodzichotsa?

Mkulu wa 21: Ana inu tebulo tenisi mwaipeza itafa kale. Ife tinkasewera mpaka mapointi 21, munthu kuseva kasanu motsatizana, thukuta kuchita kamukamu. Mu 2001 anadula kuti gemu izithera pa 11, kuseva kawirikawiri basi. Munthu usanatenthe n'komwe thupi, ati mwaluza. Ndiye mudabwe kuti mukupondana?

Mayi a Mapasa: Pepani achimwene kapena achemwali, tafotokozani kaye. Inu ndi mnzanuyo mumamenya mosinthana? Komanso iyeyo ndi wamanja kapena wamanzere?

Wofunsa: Zoti ndi munthu wovuta ndiye aliyense amadziwa. Ngakhale moni amayankha ngati wamubera.

Watopa Ndi Ntchito: Ndalama yogulira tebulo ilipo, koma mukanena zokweza malipiro akuti kampani sikuyenda bwino. Kwathu anatigulira mayunifomu amasewera, mwezi womwewo anachotsa anthu. Sewerani, koma maso akhale pa kalata.

Kanthabwala: Mukakumana ndi timu ya bwana luzani mwaulemu, ana adakali kusukulu 😂

Mkulu wa 21: Ndisanaiwale, mpiranso anauwononga. Unali wa mamilimita 38, mu 2000 anaukulitsa kufika 40 kuti uzichedwa, oonera pa TV aziutsata. Ine ndinkaseva mpira utabisika kuseri kwa mkono, wolandirayo amangomva kulira kwa tebulo.

Wamanzere: Akulu, kubisa mpira poseva kunaletsedwa mu 2002, musamuphunzitse mwana zomuluzitsa. Wofunsa, mwina pointi zikupitira pa sevu. Pa awiriawiri sevu imachokera kumanja kwa theka lanu, n'kudutsa mopingasa kukagwa kumanja kwa wolandira. Mzere woyera wapakati uja anaujambulira zimenezo. Mpira uikeni pachikhatho chotambasula, muuponye m'mwamba masentimita osachepera 16, muumenye ukutsika.

Mkulu wa 21: Mwana wa dzulo akundiphunzitsa malamulo! Ndinagwira bati iwe usanabadwe.

Wamanzere: Kugwira kalekale sikuletsa malamulo kusintha, akulu.

Bondo Linapita: Ine zamasewera a kuntchito ndinazisiya. Ndinaterereka pa matailosi ndikuthamangira mpira, bondo linatupa milungu ingapo, ndipo amene ankandikuwiza aja palibe anabwera kudzandizonda. Osasewera ndi nsapato za muofesi, valani za mphira. Chala chanucho mwachionetsa kuchipatala?

Mayi a Mapasa: Ndifunsenso. MUMAMENYA MOSINTHANA?

Watopa Ndi Ntchito: A Bondo, ndiye anakulipirani? Kapena anati munavulala mwakufuna kwanu?

Bondo Linapita: Musandikumbutse.

Wamanzere: Zogundanazo zimatha ndi miyendo. Tebulo ndi mamita 1.525 okha m'lifupi, anthu awiri simungaimirire phewa ndi phewa. Mukamenya, chokani: bwererani m'mbuyo chapambali, mnzanu alowe, inu muzungulire kumbuyo kwake. Ngati mmodzi ndi wamanzere ndiye mwachita mwayi, aliyense amathawira mbali yake, osadutsana. Mayi akufunsa chanzeru, ayankheni.

Mkulu wa 21: Kuzungulira kwa chiyani? Ife tinkangoyang'anana m'maso, aliyense kudziwa pake. Masiku ano mabati ena akubwera obiriwira, ena apinki. Bati ndi yofiira ndi yakuda, basi. Ndipo oyimbira akuntchito onse amakondera, ndinaona ndi maso anga. Dzichotseni mwana wanga, musadzichotsere ulemu.

Kanthabwala: Akulu mwayankha kanayi, funso la mwini wake simunaligwireko 😂

Wofunsa: Zikomo nonse. Mayi, zosinthanazo sindikuzimvetsa. Mpira ukabwera mbali yanga ndimamenya ndine, ngakhale katatu, poti mnzangayo ndi wochedwa. Si mmene amachitira pa tenisi ya pabwalo?

Mayi a Mapasa: Mayo ine! Ndiye pamenepo! Pa tebulo tenisi mukamenya inu, wotsatira ndi mnzanu, mpira ugwere kulikonse. Mukabwereza, pointi ndi ya adani. Oyimbira sakukuberani. Ndipo sevu ikasintha, amene amalandira uja ndiye amaseva, wolandira n'kukhala mnzake wa amene amaseva poyamba. Pitani mawa mukapepese kwa mkulu wa ku akauntiyo, masiku atatu onse mwakhala mukumulanda mipira yake.

Mkulu wa 21: Zimenezo ndimati ndinene. Koma nkhani yaikulu ndi mpira wa pulasitiki umene akugwiritsa ntchito masiku ano, sulira ngati wakale wa selulodi uja.

Watopa Ndi Ntchito: Wopambana alandira chiyani? Ngati ndi satifiketi musavutike.

Wofunsa: Kupepesa ndiye ayi, anandiponda ndi iyeyo. Nanga za mpando wanga uja ndikanene kwa ndani?