Ndingadziwe bwanji kuti mwala uwu unasemedwa ndi munthu?

Inu odziwa zamakedzana, ndithandizeni nzeru. Mvula itakokolola dothi m'mbali mwa khwawa, ndinatola mwala wokwana bwinobwino m'chikhato. Mbali imodzi ndi yosalala, inayo ndi yakuthwa moti inandicheka chala, ndipo m'mphepete mwake muli timaenje tondondozana, ngati wina ankachita kugamphula mwadala. Mng'ono wanga akuti ndi mwala wamba woswekera m'madzi. Ine mtima ukukana.

Ndinawerenga kuti munthu akamenya mwala ndi unzake, kachidutswa kothothokako kamakhala ndi kotupa pafupi ndi pomwe anamenyapo. Kodi chizindikiro chimenechi n'chokwanira, kapena miyala yogundana yokha mumtsinje imatulukanso chonchi?

Chomwe chandizunguza mutu kwambiri ndi zaka. Zida zamwala za ku Lomekwi, ku Kenya, zili ndi zaka 3.3 miliyoni, pomwe njira yoyezera zaka ya carbon-14 imalekera pa zaka pafupifupi 50,000, komanso imayeza zinthu zomwe zinali zamoyo basi, monga mafupa ndi makala. Za zithunzi za m'phanga la Chauvet ku France ndikumvetsa, poti zambiri anazijambula ndi makala. Nanga mwala? Ku Olduvai Gorge, ku Tanzania, anayeza phulusa la mapiri ophulika lomwe linakwirira zidazo, osati zidazo ayi.

Ndiye kuti wangawu, poti ndinauchotsa pamalo pake, ndauwonongera mbiri? Ndikaubwezere, kapena ndikajambule malowo ndi foni n'kukaonetsa akatswiri? Kutsuka sindinautsuke, dothi likadali m'timaenjemo.