Chimbudzi cha atate chakuda bii, ndithamange nawo?

Amake Chiko, Kapata:
Thandizeni abale. Atate anatuluka m'chipatala Lachiwiri, anagonekedwa atasanza magazi. Anawaika diripi, anawathiranso magazi mabotolo awiri. Lero m'mawa chimbudzi chawo chakuda bii ngati phula, fungo lake losaneneka. Ndibwerere nawo kapena ndidikire?

Nesi wa ku Katete:
Amai, anawapatsa mapilisi owonjezera magazi a ayironi? Aja amadetsa chimbudzi ndithu. Koma chikakhala chakuda, chonata, chonunkha choncho, ife timaganizira magazi ochokera m'mimba. Musadikire. Afunseni ngati akumva chizungulire poimirira, muone ngati m'zikhatho mwayera. Akasanza panjira agonekeni cham'mbali kuti asatsamwe. Nsima ndi phala zidikire mpaka adokotala awaone. Tenganinso mankhwala onse amene akumwa, ndi ogula pakantemba omwe.

Wa ku Mchini:
Apo anesi anena zoona. Amalume anga ankameza Brufen tsiku lililonse chifukwa cha msana, madzulo kachasu pamwamba. Mankhwala a ululu ngati Brufen, diclofenac ndi aspirin amakanda chifu.

Amake Chiko:
Mayo ine! Ndapeza diclofenac m'thumba la jekete lawo, akuti ndi wa mawondo. Ayironi sanawapatse. Taitana takisi, tikunyamuka.